Mwasintha babu la njinga yamoto koma usiku simukuonabe bwino? Yambani mwaona izi

Abale anga oyendetsa njinga zamoto kuno ku Chipata, nkhani ya nyali yakutsogolo ikungobwerabwera ndipo madandaulo ake ndi amodzimodzi. Munthu wagula babu loti ndi lowala maningi, pabokosi alembapo manambala akuluakulu, wamanga, ndiye usiku womwewo nyali ikuphethira, kapena m'mawa batire lafa, kapena aliyense wokumana naye akumuyatsira fulu kumaso. Chifukwa chofunira kuwala ndimachimvetsa, amene anayendapo usiku pa Great East Road kuchokera ku Katete akudziwa, ngolo ya ng'ombe imangotulukira pamaso ilibe chowala chilichonse kumbuyo, njinga zakapalasa zitasenza makala, mbuzi, anthu oyenda m'mphepete atavala zakuda, kwinaku thiraki yochokera ku Mwami yakuthobwa m'maso. Nyali yabwino imapulumutsa moyo pamsewu umenewu. Koma nthawi zambiri cholakwika sichikhala babu, ndipo kugula lina lalikulu kumangowonjezera vuto pa vuto.

M'munsimu ndasanja malinga ndi zomwe njinga ikuchita. Pa mutu uliwonse nambala 1 ndi chomwe chimapezeka kawirikawiri, chomaliza ndi cha apo ndi apo, ndiye tsatirani mndandanda momwe ulili kuti ndalama zisapite pachabe.

## Musanamasule sikuluwu iliyonse, dziwani ziwiri izi

Choyamba, nyali yanu imadya moto wa AC kapena wa DC? Njinga zing'onozing'ono zambiri za 100cc mpaka 150cc zomwe zadzaza m'tauni muno nyali yake siitenga moto ku batire ayi, imatenga molunjika ku koyilo ya mu injini, umenewo ndiwo moto wa AC, wa ku batire ndiwo DC. Kuyesa kwake nkosavuta:

- Tsegulani kiyi injini isanalire, yatsani nyali. Ikayaka, ndi DC.
- Ikakana, lizani injini. Ngati nyali ili yofiirira injini ikamalira pang'onopang'ono koma nkuwala mukapatsa moto, ndi AC.
- Pali njinga zina za DC zomwe nyali imadikira kuti injini ilire kaye, koma izo kuwala kwake sikukwera ndi kutsika potsatira injini.

Babu wamba la halojeni silisankha, pa AC limayaka, pa DC limayaka. LED ndiyo imafuna DC, pokhapokha ngati pa iyo palembedwa AC/DC.

Chachiwiri, tsinde la babu. Mitundu yomwe mungaipeze:

- BA20D, lili ndi timisomali tiwiri m'mbali, mumakankha nkupotoza.
- P15D, lili ndi kambale kachitsulo kozungulira ndi timitu tiwiri pansi.
- HS1 ndi H4, onse a miyendo itatu. Amafanana kwambiri koma timapiko take timasiyana pang'ono, ndipo HS1 ndi 35/35W pamene H4 ndi 60/55W (nambala yoyamba ndi mawati a fulu, yachiwiri a dimu).

Masulani lakalelo mupite nalo kushopu, muwerengenso mawati olembedwa patsinde. Babu likakana kulowa osalipala ndi fayelo kapena kulipinda ndi pulayasi, kukanako kuli ndi chifukwa. Za manambala a pabokosi, H4 yeniyeni ya halojeni imatulutsa ma lumen (muyeso wa kuwala) pafupifupi 1,650 pa fulu ndi 1,000 pa dimu, ndiye mukaona ka LED kotchipa katalembedwa 20,000 musatengeke nako mtima.

## Nyali ndi yofooka, yofiirira, olo babu ndi latsopano

1. Ethi (waya wobwezera moto ku chitsulo cha njinga) yoipa kapena dzimbiri m'mapulagi. Ichi ndicho chimatsogolera zonse, makamaka mvula ikangotha. Halojeni ikasowa moto pang'ono chabe kuwala kumagwa kwambiri, moto ukatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kuwala kumatsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 3, ndiye 1V yotayikira pa pulagi ya dzimbiri si yochepa. Tsegulani chigoba cha nyali muyang'ane m'mapulagi, mukaona ufa wobiriwira kapena woyera pa timapini palani ndi sandipepa yosalala, finyani timapini tigwire zolimba, pakani girisi pang'ono kuti madzi asalowenso. Poyesa ethi tengani waya wabwino, mbali imodzi pa ethi ya babu, inayo pa bawuti ya injini kapena pa fulemu popanda penti. Nyali ikawala pompo, vuto mwalipeza, kokani waya wa ethi watsopano mumange bwino.

2. Babu lalikulu kuposa mphamvu ya koyilo. Apa ndi pomwe ambiri amakodwa. Pa njinga ya AC, koyilo ya nyali anaipanga kuti idyetse babu la 35W ndi kababu kakumbuyo ndi ta pa sipido, basi. Mukaikapo la 60/55W koyilo siyiwonjezera moto chifukwa choti babu lakula, zili ngati kupita ndi ndowa yaikulu pachitsime chomwe madzi ake ndi omwewo. Zotsatira zake babu lalikululo limayaka mofooka kuposa laling'ono lomwe munachotsa. Bwezerani la mawati ake enieni muone kusiyana.

3. Galasi lachita chikasu kapena reflekita (mbale yonyezimira ya kumbuyo kwa babu) yathimbirira. Galasi la pulasitiki limapsa ndi dzuwa, fumbi nalo limalikanda. Kunja mutha kupukuta ndi mankhwala otsukira mano pa kansalu kofewa, likakhala loipa kwambiri sandipepa yamadzi ya 1500 kapena 2000 kenako polishi. Reflekita ya mkati yokha musaipukute ndi nsalu, siliva wake ndi wopyapyala zedi amachoka pompo. Ikada kapena kusupuka gulani nyali yonse, ndipo nthawi zambiri nyali yatsopano ndi babu wamba zimawala kuposa LED yodula mu reflekita yakufa.

4. Swichi ya pa handulo. Mkati muli timkuwa ting'onoting'ono tomwe timada ndi kutha. Gwedezani batani la dimu ndi fulu nyali ili choyaka, kuwala kukamasinthasintha ndi chala chanu ndiye kuti ndi yomweyo. Tsegulani mosamala pamwamba pa nsalu chifukwa muli kasipulingi ndi kampira kachitsulo komwe kakagwera mumchenga simukapezanso.

5. Batire ndi tchaji, pa njinga ya DC. Ndi mita yoyezera magetsi, batire labwino lomwe lapuma limaonetsa 12.6V kapena kuposa pang'ono, likafika cha pa 12V latsika kale. Injini ikulira mutapatsa moto liyenera kuonetsa pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Likangokhala pa 12V osakwera, njinga siikutchaja.

6. Babu la galasi lopaka buluu. Limaoneka loyera bwino mukaliyang'ana, koma utotowo umatsekereza gawo la kuwala, pamsewu pamafika kochepa.

7. Koyilo yayamba kupsa. Ndi za apo ndi apo, ndipo si zokonza pansi pa mtengo.

## LED ikuphethira, kapena imazima injini ikatsika

1. LED ya DC pa njinga ya AC. Pafupifupi nthawi zonse ndi chimenechi. Moto wa AC umapita uku ndi uku, injini ikamalira pansi kusinthako kumachedwa mpaka diso limakuona, ndiko kuphethirako, ndipo LED yotere siikhalitsa. Njira zilipo ziwiri: kugula LED yolembedwa AC/DC, kapena kusamutsa nyali kuti izitenga moto ku batire kudzera pa relay (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi) ndi fyuzi. Yachiwiriyi werengani kaye mutu wa batire m'munsimu musanayambe. Dziwaninso kuti olo ya AC/DC imatha kuphethira pang'ono njinga ikangoima ikulira, ngati mukangonyamuka kukutha, si vuto lalikulu.

2. Babu silinakhale bwino mu soketi. Pa BA20D ndi P15D timitu ta pansi timangokhudzana ndi sipulingi, ndipo LED imalemera kuposa halojeni, ndiye pamsewu wa mabampu imagwedezeka. Menyani chigoba ndi chikhatho nyali ili choyaka, ikaphethira ndi soketi.

3. Materminolo a batire akhwefuka. Mangani, palani dzimbiri.

4. Regyuleta, kabokosi koletsa moto kuti usachuluke, ija ena amati rekitifaya, yayamba kufa. Chizindikiro chake nchoti kuphethira kumakula mukapatsa moto m'malo mochepa, ndipo mababu ena nawo akupsa.

## Babu likupsa pafupipafupi

1. Moto wachuluka chifukwa cha regyuleta. Babu likamapsa mukangothamanga, likuyamba lawala mopitirira kenako thi, ndipo lakumbuyo ndi ta pa sipido nato tikupsa, musagulenso lina musanayeze. Halojeni ikamalandira moto wopitirira ndi magawo 5 pa 100 chabe, moyo wake umadulidwa pafupifupi theka. Ikani mita pa batire mupatse moto, ikapitirira 15V regyuleta yafa kapena ethi yake yamasuka. Pa njinga ya AC yezani pa soketi ya babu mita ili pa AC, nambala iyenera kukwera nkuima, ikamangokwerabe osaima ndiye kuti palibe chikuletsa moto. Yambani mwaona pulagi ya regyuleta ndi bawuti yake, nthawi zina chitsulocho chili bwinobwino koma waya wa ethi ndiye wathothoka.

2. Kuyenda ndi batire lakufa kapena opanda batire. Ambiri amati bola kiki ikugwira, koma pa njinga zambiri batire limathandiza kukhazika moto pansi, likachoka moto umadumphadumpha nkumatentha mababu, ndipo LED ndiye imafa msanga kwambiri.

3. Kugwedezeka. Timisewu tafumbi tolowera m'midzi ya ku Vubwi, Chipangali kapena Chadiza, tija ta malata, timadula kawaya ka mkati mwa babu. Gwirani chigoba cha nyali ndi manja awiri muchigwedeze, chikamasewerasewera mangani mabawuti, bwezerani timalabala tomwe tinatha. Mukaona babu lakupsa galasi lake lili loyera bwino koma kawaya kaduka kakulendewera, kawirikawiri ndi kugwedezeka. Apa ndi pomwe LED yabwino imathandizadi, kaili ilibe kawaya koduka.

4. Kugwira galasi la halojeni ndi zala. Mafuta a m'manja amatsalira, pamenepo pamatentha kwambiri, galasi limatupa kapena kusweka. Gwirani patsinde, mukalikhudza pukutani ndi sipiriti liume musanamange.

5. Madzi akulowa. Dontho limodzi pa galasi lotentha ndi lokwanira. Onani labala ya kumbuyo ndi mng'alu pa galasi lakutsogolo.

6. Babu lenilenilo ndi fake. Zimachitika, koma ganizirani izi pomaliza mutaona zina zonsezi.

## Nyali ikuwala kwambiri koma msewu sukuoneka, ndipo okumana nawo akukuyatsirani fulu

Mutu uwu ndiwo umandikhudza kwambiri, chifukwa apa pali moyo wa anthu ena. Woyendetsa minibasi kapena thiraki amene mwamuthobwa m'maso sakuonanso m'mphepete mwake, sakuonanso inu bwino, akungoona chimoto choyera, ndipo pa inu ndi iye wovulala kwambiri ndi wa pa njinga. Inunso kuwala komwe kukupita m'mitengo ndi m'maso mwa anthu ndi komwe kukusowa pa dzenje lili patsogolo panu.

1. Nyali yaloza kumwamba. Kukonza kwake ndi kwaulere ndipo ndi mphindi zochepa kukada:

- Imikani njinga pamalo athyathyathya, mamita 5 kuchokera kukhoma.
- Khalani pampando njinga ili pa matayala ake, osati pa sitandi.
- Mnzanu ayeze kuchokera pansi kufika pakati pa galasi la nyali, alembe mzere ndi khala pakhoma pa msinkhu womwewo, kenako wina masentimita 5 pansi pake.
- Yatsani dimu. Malire a pamwamba a kuwala akhale pa mzere wapansiwo.
- Sinthani ndi kabawuti ka pansi pa chigoba, kapena masulani pang'ono mabawuti awiri a m'mbali muweramitse nyali nkumanganso.

Mukatha mnzanuyo akwere kumbuyo muone momwe kuwala kukwerera pakhoma, mudzadabwa. Amene mumanyamula anthu tsiku lonse kapena matumba a chimanga ndi fetereza, itcheleni nyali muli ndi katundu wotere, chifukwa kumbuyo kukatsika kutsogolo kumadzuka. Mashoki akumbuyo akatha mphamvu zimafika poipa.

2. LED yalowa mozondoka kapena mopendama. Pa LED ya mbali ziwiri, timaso take tiyang'ane kumanzere ndi kumanja, osati kumwamba ndi pansi. Pa ya H4 kapena HS1 pali kachishango kakang'ono pafupi ndi kadiso ka dimu, kameneko kakhale pansi. Ikazondoka dimu imaponya kumwamba. Zambiri zili ndi kamphete kosewera komwe mutha kuzunguza mpaka malire a kuwala pakhoma atagona bwino. Kuno timayenda kumanzere, ndiye ngati kuwala kwa dimu kuli ndi mbali yokwerako pang'ono, ikhale ya kumanzere kumene kuli oyenda pansi, osati ya kumanja kumene kukubwera magalimoto.

3. Mtundu wa LED sukugwirizana ndi reflekita. Reflekita anaiumba kuti itolere kuwala kuchokera pa kawaya kamodzi kakang'ono kali pamalo amodzi enieni. LED ija ya timaso tambirimbiri tozungulira mbali zonse imatulutsa kuwala malo ambiri, reflekita imangokumwaza. Pakhoma mudzaona chimtambo choyera chopanda malire, pafupi ndi tayala pali mbee koma patali pali mdima, ndipo dimu ndi fulu sizisiyana kwenikweni. Imeneyi palibe kuitchela kwake, ichotseni. Funani ya mbali ziwiri yopyapyala yomwe timaso take tili pa mtunda womwewo ndi kawaya ka babu lakale, ziyerekezeni pambali ndi pambali pa kauntala musanalipire.

4. Mtundu wa kuwala, umene amaulemba ndi nambala ya K. Halojeni imakhala cha pa 3200K, yachikasu pang'ono. LED zambiri ndi 6000K kapena 6500K, zoyera. Kupitirira apo kumayamba buluu ndipo maso amatopa nako msanga. Mu Seputembala ndi Okutobala fumbi ndi utsi wa tchire zikadzaza mumsewu, kapena pa mvula ya Januwale phula likanyowa, kuwala koyera kwambiri kumabwerera m'maso mwanu. Kwa ine ngati mumayenda kwambiri m'misewu yafumbi sankhani ya 4300K kapena ija ili ndi yachikasu. Zofiira ndi zabuluu zophethira kutsogolo zisiyeni, zimasokoneza okumana nawo ndipo mudzavutana nazo ndi apolisi kapena a RTSA.

5. Maspotilaiti oyaka nthawi zonse. Alibe malire a kuwala, ndiye amangidwe pansi, aloze pansi, akhale ndi swichi yawoyawo kuti mukakumana ndi munthu muzimitse.

## Chisinthireni nyali batire likungotha

1. Mwawonjezera katundu kuposa tchaji. Masamu ake ndi mawati kugawa ndi 12, mupeza ma ampu (A), moto womwe chinthu chimakoka. Babu la 35W limakoka pafupifupi 3A, la 60W ndi 5A, la 100W kupitirira 8A. Batire la njinga zathuzi ndi laling'ono, 5Ah kapena 7Ah pa zambiri, ndipo tchaji yake ndi yochepanso. Onjezani maspotilaiti awiri, kawailesi, tchaja ya foni, ndiye tsiku lonse muli pa siteji kudikira pasenja, maulendo afupiafupi m'tauni kuchoka Kapata kupita Mchini, batire silipeza mpata wodzaza. Yezani motere: yatsani zonse, patsani moto pang'ono, mita pa batire ikalephera kufika 13V ndiye kuti mukudya kuposa zomwe zikulowa. Chotsani china.

2. Nyali yasamutsidwa kuchoka ku AC kupita ku batire koma tchaji sinasinthidwe. Pa njinga ya AC gawo lalikulu la koyilo limapita ku nyali, lotchaja batire ndi laling'ono. Mukangokoka waya ku batire nkusiya koyilo momwe inalili, batire limatsika pang'onopang'ono usiku uliwonse. Ndi LED ya mawati ochepa mwina zitha kuyenda, ndi halojeni sizitheka. Kuti zikhale bwino pamafunika kusintha kalumikizidwe ka koyilo ndi regyuleta, imeneyo ndi ntchito ya wodziwa mawaya.

3. Zalumikizidwa ku batire osadutsa pa kiyi. Mwana akangodina batani njinga ili pakhonde, kapena mwaiwala, m'mawa zii. Spotilaiti ya 30W imamaliza batire la 5Ah pasanathe maola awiri. Relay ya miyendo inayi imathetsa izi: 30 ku batire kudzera pa fyuzi, 87 ku nyali, 85 ku ethi, 86 ku swichi yomwe imalandira moto pokhapokha kiyi itatsegulidwa.

4. Batire linali lotha kale, nyali yatsopano yangoulula. Ngati ndi la madzi onani mulingo, thirani madzi a batire okha osati a pampopi.

## Fungo la pulasitiki wopsa, soketi yasungunuka, fyuzi ikupsa

Zimitsani pompo, musati ndikafike kaye kunyumba.

1. Babu la mawati ambiri, makamaka aja a 100/90W a magalimoto. Timawaya ndi swichi ya njinga anazipangira babu lokoka 3A, inu mukudutsitsa 8A. Soketi imasungunuka, reflekita ya pulasitiki imapindika, swichi imapsa mkati.

2. Pini yokhwefuka mu soketi. Pomwe pakugwira mofooka ndi pomwe pamatentha. Mukaona mwendo umodzi wokha wada ndi pulasitiki wozungulira wachita bulauni, ndi chimenechi. Dulani soketi yonse muike ina, kupala sikuthandiza ikafika apo.

3. Waya wasupuka pakhosi pa njinga pomwe handulo imazungulira. Ngati fyuzi imapsa mukakhota, yang'anani pamenepo.

4. Mawaya opotana ndi manja nkukulunga ndi pepala la pulasitiki. Alumikizeni ndi sodala kapena makonekita, tepi yeniyeni pamwamba.

Fyuzi ikapsa bwezerani ya nambala yomweyo. Osamangapo waya kapena siliva wa paketi ya fodya, mawayawo amadutsa pansi pa thanki ya petulo.

## Dimu ndi fulu zasokonekera

1. Mawaya asinthana. Mitundu siyifanana pa njinga zonse. Pa Honda ndi zambiri zotengera Honda, wobiriwira ndi ethi, wabuluu ndi fulu, woyera ndi dimu. Pa Yamaha ethi ndi wakuda, wachikasu ndi fulu, ndipo wobiriwira ndi dimu. Mwaona kuti wobiriwira yemweyo kwina ndi ethi kwina ndi moto, ndiye jambulani ndi foni musanadule kalikonse, ndipo yezani m'malo modalira mtundu.

2. Ethi yaduka. Chizindikiro chake timawaya tonse tiwiri ta mu babu timayaka limodzi mofooka, kanyali kabuluu kosonyeza fulu ka pa sipido nako kamayaka pang'ono muli pa dimu.

3. LED yokha ikubweza moto ku waya wa fulu, kanyali kabuluu sikazima. Bwezerani halojeni, zikatha ndiye kuti ndi LED imeneyo.

4. Mbali imodzi siyiyaka: kawaya kamodzi ka babu kapsa, kapena swichi.

## LED imayamba bwino kenako imafooka, kapena m'galasi muli nthunzi

LED imatentha kumbuyo osati kutsogolo, ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha kuwala. Kafani kakumbuyo kamatsekeka ndi fumbi lathuli, yatsani muike khutu pafupi, mukapanda kumva kulira puzirani mphepo kapena tsukani ndi kabulashi kouma. Onaninso kuti mawaya a mu chigoba sakupanikiza fani. Nthunzi imabwera chifukwa ambiri amataya labala ya kumbuyo poti LED siikulowa nayo. Ibowoleni pakati mokwanira tsinde muibwezere, osasiya pululu mvula ikubwera mu Novembala.

## Apa siyani, pitani kwa wodziwa mawaya

- Mwaona utsi, kapena mawaya ambiri asungunukira limodzi mu mtolo.
- Fyuzi yatsopano ikupsa mukangotsegula kiyi.
- Batire likutentha, latupa, kapena likununkha mazira owola. Likutchajidwa mopitirira ndipo litha kuphulika, musalizenso injini.
- Mita ikuonetsa kupitirira 15V ndipo mwamanga ethi ya regyuleta koma sizikusintha.
- Pakufunika kutsegula injini kuti afike pa koyilo. Pamafunika chokokera magineto chake, kumenya ndi hamala kumawononga kirankishafti.
- Mukufuna kusintha njinga yonse kuchoka ku AC kupita ku DC.
- Njinga ndi ya injekishoni yokhala ndi kompyuta. Shoti imodzi itha kuwotcha chinthu chodula kuposa nyali khumi.
- HID, ija ya xenon. Kabokosi kake kamatulutsa moto wopitirira 20,000V poyatsa, si kogwira ndi manja njinga ili choyaka, ndipo mu reflekita wamba imathobwa anthu koopsa. Ine sindilimbikitsa aliyense kuika pa njinga yaing'ono.
- Njinga ikadali pa waranti kapena ndi ya ngongole kapena ya abwana. Funsani kaye musanadule waya.

Popita nyamulani babu lakale ndi bokosi la latsopano, muwauze amakanika zonse zomwe mwasintha kapena kulumikiza nokha olo zioneke zazing'ono, zimawafupikitsira ntchito. Nthawi iliyonse mukugwira mawaya yambani mwachotsa terminolo ya negetivu pa batire. Akakuikirani relay kapena maspotilaiti muone ndi maso anu kuti fyuzi ili pafupi ndi batire ndipo mawaya sakukhula pa thanki kapena pakhosi, kenako muimike njinga pakhoma muyese dimu ndi fulu limodzi nawo musanalipire.